Bwato Losapha Nsomba

Ku komboni ya pamgodi ku Bindura munthu sankafunsira mbeta yekha. Nyumba zinali zothithikana, makoma opyapyala, moti ukanong'ona mawu awiri kuseri kwa khitchini m'mawa, pofika masana unkawapeza pa mpopi atanenepa kale. Ndiye pamene Kaitano anayamba kudutsadutsa pakhomo pa a Tobiasi Chikaipa m'chaka cha 1952, komboni yonse inadziwa kuti akufuna mwana wawo Esitere, iye mwini asanatsegule n'komwe pakamwa.

Esitere anamulola. Vuto linali bambo ake. Kumudzi nkhani ya ukwati amaweruza ndi amalume, koma amalume a Esitere anali kutali ku Nyasalande, choncho a Chikaipa anali bambo, malume ndiponso khoti. Ankhoswe a Kaitano anapitako kawiri. Ulendo woyamba anangouzidwa kuti tamva. Wachiwiri anauzidwa mosapsatira kuti a Chikaipa ndi munthu wa ku Chikwawa, wa m'mbali mwa Shire, ndipo mwana wawo sangamupereke kwa Mngoni wa ku mapiri a ku Ntcheu amene akaona chithaphwi amayamba wapemphera. Mtima wawo unali pa Jasper, kalaliki wa ku ofesi ya komboni, chifukwa malemu bambo ake analinso a ku Chikwawa. Jasperyo anabadwira ku Shamva ndipo mtsinje wa Shire anali asanauonepo, koma ankausimba ngati wasambamo m'mawa womwewo.

Lamlungu lina pochokera ku tchalitchi, Kaitano anapeza mpata woyenda pambali pa Esitere, mayi ake a mtsikanayo ali patsogolo pang'ono, khutu limodzi atalisiya kumbuyo. Njira inkadutsa m'mbali mwa damu la mgodi. Kuseri kwa waya, mzungu ndi mkazi wake anali m'kabwato kobiriwira, akupalasa mwaulesi. Analibe ukonde, analibe mbedza.

"Akupita kuti amenewa?" anafunsa Kaitano.

"Sakupita kulikonse. Amangozungulira n'kubwerera."

"Ntchito yawachepera."

Esitere sanaseke. "Koma pamene aliwo palibe akuwamva. Ine chibadwire sindinayankhulepo popanda khutu lachitatu. Ndipo taganizani, a Kaitano, bambo anakulira m'bwato, koma ine mwana wawo madzi ndimawadziwira mu ndowa."

"Esitere, miyendo yalemera?" anakuwa mayi ake.

Mtsikanayo anathamanga. Iye anangonena zomwe zinali kukhosi n'kuiwala, koma mwamuna amene ali m'chikondi akamva kuusa moyo amayesa walamulidwa. Kaitano anafika kunyumba ataganiza kale zogula bwato.

* * *

Wosema mabwato m'dera lonselo anali mmodzi, Bauleni, Msena wochokera ku Zambezi amene ankagwira ntchito pa famu ina m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe. Kaitano anayenda maola awiri n'kumupeza pansi pa mtengo, kasemasema ali m'manja.

"Mukufuna la nsomba kapena lowolotsera anthu?" anafunsa Bauleni atatha malonje.

"Longokweramo."

"Kukweramo n'kupita kuti?"

"Pakati pa madzi. Kenako n'kubwerako."

Bauleni anaika kasemasema pansi. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato, ndipo anaitana mwana wake wamkazi. "Yunike, bwera udzaone matenda atsopano a ku mgodi! Shamwari, musandibisire, apa pali mkazi."

Kaitano anavomera ndi mutu, makutu akutentha.

Pa doko panali mabwato anayi. Loyamba linali la malata omata ndi phula, lopepuka, koma Bauleni anati likagunda mwala limang'ambika ndipo masana limawotcha wokhalamo. Lachiwiri linali la khungwa, losokedwa ndi Mashona a ku Musana, ndipo anati limenelo moyo wake ndi wa dzinja limodzi. Awiri otsalawo anali osema. Lina linali la mbawa, lalitali, lowonda, losalala, ndipo maso a Kaitano anakakamira pomwepo. Linalo linali la nsangu, lalifupi, lotambalala pamimba ngati chodyeramo nkhumba.

"Ili," anatero Kaitano, akusisita lalitali lija.

"Aliyense amaloza limenelo. Limathamanga, inde, koma limafuna matako odziwa. Mukangoyetsemula lakutayani. Mumatha kusambira?"

"Kwathu mitsinje timachita kulumpha."

"Nanga mkaziyo?"

"Iyenso ayi."

"Ndiye mukufuna kumusangalatsa kapena kumuika m'manda? Tengani loipali. Bwato loyamba sasankha ndi maso."

Anamugwira dzanja n'kumugogodetsa thabwa lonse kuyambira kumutu mpaka kumchira, kuti amve yekha kulira kwa mtengo wolimba, kuti gu gu, kosiyana ndi kulira kwa malo ofumbwa. Anamugwaditsa mkati, bwatolo lili pa madzi osaya, n'kuligwedeza ndi phazi. Linapendekeka pang'ono n'kubwerera lokha. Kenako anamuimika chilili n'kumuyesa nkhafi zingapo mpaka anapeza yomufika pachibwano. Anamupatsa ziwiri, chifukwa nkhafi imapulumuka tsiku lomwe uli kutali ndi mtunda. Anawonjezapo nsungwi yokankhira pa mchenga, chingwe, chipanda chokapira madzi, ndi chitini cha palafini chopanda kanthu, chotseka bwino, chomangirira ku chingwe.

"Chitinichi n'cha mayiyo. Mukagubuduka achikumbatire. Inu mudzaona nokha."

Kaitano anasiya galamafoni yake pamenepo ngati malipiro, ija ankaimbira anzake Loweruka, ndipo sanaidandaule. Chomwe chinamusowetsa mtendere pobwerera chinali china. Ankadzifunsa ngati akuchita zonsezi kuti Esitere akhale pakati pa madzi monga analakalakira, kapena kuti a Chikaipa adzameze mawu awo. Anapeza kuti zonse ziwiri zinalimo, ndipo chachiwiricho chinamuchititsa manyazi.

* * *

Kugula bwato ndi tsiku limodzi, koma kuphunzira kupalasa kunamudyera Malamlungu anayi. Bauleni ankadandaula msana, ndiye mphunzitsi anali Yunike, mtsikana wa pakamwa pakuthwa amene ankamutchula kuti a Kumapiri. Kaitano ankatuluka m'tchalitchi nyimbo yomaliza isanathe n'kuuyatsa ulendo wa ku famu. Iye sanamuuze Esitere kanthu, ati adzamudzidzimutse. Amuna ambiri agwa ndi nzeru imeneyi.

Jasper anamupeza Esitere akutuluka m'sitolo, botolo la mafuta ophikira lili m'manja. Anatsika pa njinga mwaulemu, buluku lake loyera lopanda ndi banga lomwe.

"Sindifuna kukupweteka mtima, Esitere, koma ndife a kumodzi, sindingakhale chete. Dzulo ndinapita ku famu ya kumtunda kukasiya kalata ya bwana. Ndinamuona mnzako uja pa mtsinje."

"Aiwa, a Jasper, mtsinje ndi wa aliyense."

"Zoona. Koma mtsikana wa Chisena anali atamugwira m'chiuno, onse awiri atanyowa, akuseka ngati ana."

Sananame. Anangosiya kunena kuti Yunike ankamuvuula Kaitano m'madzi atagwamo kachitatu. Esitere anayankha kuti zikomo, n'kuyenda mutu uli m'mwamba mpaka pokhota. Atakhota, mutu uja anauweramitsa.

Lamlungu lotsatira Kaitano anapeza kapepala m'chipewa chake, chomwe ankachisiya pa zenera la tchalitchi.

"A Kaitano, ndamva kuti mapemphero anu mumakamalizira ku mtsinje. Ine ndakana munthu amene bambo akumufuna, ndipo m'nyumba mwathu nsima ndikudyera misozi chifukwa cha inu. Ngati mwapeza wina, nenani, ndisamakhale chitsiru cha komboni. Ndine Esitere."

Anawerenga kawiri, mtima ukumupweteka, chifukwa anaona kuti chinsinsi chake chokoma chija chamuliza munthu amene ankafuna kumusekeretsa. Anayankha kuseri kwa pepala lomwelo n'kulipatira m'buku la nyimbo la Esitere.

"Wokondedwa, palibe wina. Ndipatse Malamlungu awiri. Lamlungu lachiwirilo masana ubwere ku dziwe la pamkuyu, kumunsi kwa njira ya ng'ombe. Ukadzaona ndi maso, udzandiweruze."

* * *

Tsiku lomwelo analipalasa yekha bwato lija kutsika nalo mtsinje mpaka ku dziwe la pamkuyu, lomwe linali pafupi ndi komboni. Anafika osagwa ndi kamodzi komwe, ndipo anadziona kuti ndi munthu.

Apa ndi pomwe nzeru za ku mgodi zinamupusitsa. Kaitano ankadziwa chinthu chimodzi motsimikiza, kuti madzi amaononga. Anaona mitengo yochirikiza pansi pa mgodi ikuwola ndi chinyezi. Nsapato zonyowa ankaziyanika, chikwanje ankachipukuta. Nanga chinthu chimene anagula ndi galamafoni akanachisiya bwanji chikugona m'madzi ngati chosowa mwini? Anaitana anzake awiri, analikokera pa thanthwe loyera, analivundikira chafufumimba pamalo pomwe dzuwa limafika tsiku lonse. Madzulo aliwonse akaweruka ankabwera kudzalipaka utoto wa buluu, ndipo kumutu kwake analemba ndi utoto woyera dzina la Esitere. Bauleni sanamuchenjeze, chifukwa kwa munthu wa ku Zambezi kuuza wamkulu kuti bwato limagona m'madzi kuli ngati kumuuza kuti mchere sasungira pamvula.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lowaula ndi nkhuku zomwe. Bwato linakhala pa thanthwe masabata awiri.

Tsiku la pangano Kaitano anafika msanga, atavala malaya ake oyera. Anatembenuza bwato, ndipo mtima unangoti zii. Pansi pake panali mng'alu wautali ngati mkono, wosaoneka bwino kunja chifukwa cha utoto koma woyasamula mkati, moti anaona thanthwe kudzera momwemo. Anakhala pansi, nkhafi ili pamiyendo, osadziwa kuti walakwa chiyani.

Esitere anamupeza ali choncho. Anabwera atakonzeka kukalipa, mpango atamanga molimba, koma anaima n'kuwerenga dzina lake pa mtengo wabuluuwo.

"Maiwe! Ichi n'chiyani?"

"Unati umafuna kukhala pamene palibe akukumva."

"Ine? Liti?"

"Pa damu paja."

Anagwira pakamwa. "Ndiye mtsikana uja?"

"Ndi mwana wa wosema. Amandiphunzitsa kupalasa. Zoti anandigwira m'chiuno n'zoona, akanapanda kutero bwenzi ndili m'mimba mwa ng'ona." Analoza mng'alu uja. "Koma taona. Ndalisamala ngati khanda, ndipo lang'ambika. Mwina bambo ako akunena zoona, Esitere. Pali zinthu zimene munthu sangagule."

Esitere anaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka yeniyeni. Anakhala pa thanthwe pambali pake. "Inu ndinu wopusa, a Kaitano. Masabata atatu ndakhala ndikudana ndi mtengo." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Palibe munthu anamvapo mawu anga n'kuwanyamula chonchi. Kwathu ndikayankhula amati ndikulongolola. Ndimakukondani, ndipo lero ndanena ndi pakamwa."

Kaitano anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'tchire munamveka belu la njinga.

* * *

Anzake awiri aja anali atasimba za bwato ku mowa, ndipo zofika ku mowa zinkafika kwa Jasper. Iye ndiye anali patsogolo akukankha njinga. Kumbuyo kwake kunali a Chikaipa, ndodo ili m'manja, jekete la ku tchalitchi likadali m'thupi.

"Iwe Mngoni!" anakuwa asanafike n'komwe. "Ndakukaniza mwana wanga, ndiye wati bola ukandimizire? Esitere, nyamuka!"

Esitere anaimirira. Kaitano anavula chipewa n'kugwada. A Chikaipa anakwera pa thanthwe, ndodo ili m'mwamba, ndipo maso awo anagwera pa bwato. Ndodo ija inatsika pang'onopang'ono.

"Ndani anaika bwato padzuwa?"

"Ndine, bambo. Ndimati lingawole."

"Lingawole!" Anakuwa kuposa poyamba. "Mtengo uwu unasemedwa kuti uzimwa madzi, iwe n'kuuyanika ngati chimanga? Masiku angati?"

"Masabata awiri, bambo."

Anagwira kumutu. Za mwana wawo anaiwala kaye. Anagwada pa thanthwe lotenthalo n'kuyamba kugogoda bwatolo ndi zala, khutu atalitchera, kuyambira kumutu mpaka kumchira. "Nsangu wabwino chonchi. Lotakata, losagubuduka. Wasankha wekha?"

"Ine ndinaloza lalitali. Wosema anati ndi munthu wosatha kusambira nditenge ili, ndipo ndinamvera."

A Chikaipa anaona nkhafi ziwiri zija, anaona chitini chomangirira ku chingwe, ndipo anangoti, "Hmm." Kenako anatembenukira kwa Jasper. "Iwe wa kwathu, tamuuza mnzakoyu. Likang'ambika chonchi timatani?"

Jasper anakonza kolala. "Timakhomapo lata ndi misomali, bambo."

Mkuluyo anapukusa mutu n'kumufulatira. Atatero anatambasulira dzanja kwa Kaitano. "Vula malayawo."

Malaya oyera aja anang'ambidwa nsanzansanza. A Chikaipa anapota nsanzazo n'kuyamba kuzikhomerera mu mng'alu ndi msana wa mpeni, akumenya ndi mwala, pang'onopang'ono, osasiya mpata. Zala zawo zinkayenda zokha. Atamaliza analamula kuti alikankhire m'madzi.

"Limayenera kugona m'madzi masiku atatu kuti mtengo utupe," anatero. Anaima m'mphepete, nsapato atavula, akuliyang'ana likuyandama. "Koma tingoliyesa pang'ono. Esitere, khala kutsogolo, ugwire chitinicho. Iwe khala pakati, uzikapa madzi."

"Nanga ine, bambo?" anafunsa Jasper.

"Ungadetse buluku. Sunga nsapato zanga."

Nkhafi itangolowa m'madzi, Kaitano anadziwa kuti zimene ankachita iye Malamlungu onse aja sikunali kupalasa. Bwato silinagwedezeke, silinakhote, linangoyenda ngati laitanidwa. Esitere poyamba anakumbatira chitini maso atatseka, kenako anatsegula, anaviika zala m'madzi n'kuseka. Phokoso la mtunda linatsalira kumbuyo. Pakati pa dziwe a Chikaipa anaika nkhafi pamiyendo, ndipo panalibe china chomveka koma chipanda cha Kaitano chikukapa madzi olowa pa nsanza zija.

Kaitano atacheuka anaona mkuluyo akulira, osabisa nkhope.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri," anatero a Chikaipa. "Ndinasiya mayi anga pa doko akutsuka miphika. Ndinati ndikagula bulangete ndibwera. Pa damu la azungu lija ndimadutsa nditayang'ana kumbali, chifukwa ndimadziwa kuti ndikangogwira nkhafi sindikhalanso kuno." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Mnyamata iwe, ndiwe chitsiru, koma chitsiru chomvera ndiponso chosanama. Ndinakuweruza molakwa."

Mtima wa Kaitano unadumpha. Esitere anamuyang'ana, maso akuwala, ndipo onse awiri anadikira mawu otsatirawo ngati odikira mvula.

"Ndiye ndikuuze iwe poyamba, usamvere pa mpopi. Ndikupita kwathu. Mvula isanagwe ndikwera malole a ulere, ine, mayi ake ndi mwanayu. Sindikufuna kufera m'komboni ngati mtchona. Ukamufuna Esitere, ukamupemphe kwa amalume ake ku Chikwawa, monga amachitira anthu."

"Bambo, mvula yatsala masabata atatu," anatero Esitere, mawu akuchepa.

"N'chifukwa chake mawa ndikupita ku ofesi."

Kaitano anaona dziwe lonse likuzungulira. Mwezi wathawo anali atadinda chala pa pangano latsopano la zaka ziwiri, kuti mgodi udzamupatse nyumba ya anthu apabanja, ya iye ndi Esitere. Wochoka pangano lisanathe ankasakidwa ndi apolisi ngati wakuba. Ndipo makalata onse a ulendo ankadutsa pa tebulo la munthu mmodzi, yemwe pa nthawiyo anali ataima kumtunda, nsapato za a Chikaipa zili m'manja, akuwakwezera chipewa.

Esitere anali atasiya chitini. Ankamuyang'ana Kaitano, akudikira kuti anene kanthu, chilichonse. Iye anasiya kukapa, chipanda chili m'manja, madzi akukwera mpaka mu akakolo.

"Kapa madzi, mnyamata," anatero a Chikaipa, akutola nkhafi. "Tikumira."